Tisafulumire kuwakhazika pansi agogo

Ambiri mwa awerengi athu anaphunzitsidwapo ndi aphunzitsi aakulu a mtundu uja wosadziwa kutopa: opalasa njinga m'mawa uliwonse kupita kusukulu, oima m'kalasi kuyambira belu loyamba kufikira lomaliza, madzulo n'kukagwiranso khasu kudimba. Bambo otere akapuma pa ntchito, ana awo amene tsopano ali m'tauni amabwera kudzawatenga. Amawagulira mpando wawofuwofu ndi wailesi, nawauza kuti, "Bambo, mwavutika mokwanira, tsopano khalani pansi." Pakapita zaka zitatu kapena zinayi, tikakumana nawo pa ukwati kapena pa maliro, timayamikira kuti thupi labwera, ana akuwasunga bwino. Koma nthawi yonyamuka ikakwana timawona zachilendo. Bambo aja ayamba agwira khoma, kenaka phewa la mdzukulu, ndipo mwendo ukukana kukwera khonde limene kale ankalilumpha osaliganizira n'komwe.

Timangoti ndi ukalamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ukalamba ulipodi, ndipo palibe anauzembapo. Komatu yankho limeneli silitiuza chifukwa chake anzawo a msinkhu umodzi amene anatsala kumudzi, ngakhale ndi ochepa thupi, akadayendabe wapansi kupita kumsika ndi kubwerako. Gawo lina la yankho lenileni lili m'kati mwa ntchafu, m'malo amene diso silifika ndipo sikelo siinena kanthu.

Mafuta a m'thupi la munthu sakhala malo amodzi. Ena ali pansi pa khungu, ndiwo amene timatha kuwatsina ndi zala. Ena amazinga matumbo, ndiwo amene amatulutsa mimba. Koma alipo ena amene amalowerera m'kati mwa mnofu weniweni. Aliyense amene anadulapo nyama ya ng'ombe akudziwa kusiyana kwake: pali mafuta a pamwamba amene mpeni umachotsa mosavuta, ndipo pali timizere toyera tolukana ndi nyama yofiira, tosatheka kupatula. Pa mbale timati imeneyo ndiyo nyama yonona, ndipo ku Japan nyama ya ng'ombe za Wagyu imakwera mtengo chifukwa cha timizere timeneti. Koma mlimi wofuna ng'ombe yokoka ngolo sasankha yonenepetsedwa m'khola.

Mnofu uli ngati chingwe cha khonje, chopotedwa ndi timaulusi tambirimbiri. Uthenga ukabwera kuchokera ku ubongo, timaulusi timeneti timafupika pamodzi n'kukoka fupa, ndipo bondo limawongoka. Munthu akamakalamba timaulusi tina timafota, tina timatheratu, makamaka tija tofulumira kukoka, timene timamupulumutsa akapunthwa. Vuto limeneli dokotala wa ku America, Irwin Rosenberg, analipatsa dzina m'chaka cha 1989 kuti sarcopenia, mawu a Chigiriki otanthauza umphawi wa mnofu. Tsono malo amene timaulusi tachoka satsala opanda kanthu nthawi zonse. Kawirikawiri mumalowa mafuta, zimene madokotala amazitcha myosteatosis. Chotero ntchafu ikhoza kukhalabe yaikulu monga kale, buluku n'kumathina monga kale, pamene zokoka m'katimo zachepa. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zambiri zimene zikudziwika lero pa nkhaniyi zinachokera ku kafukufuku wamkulu wotchedwa Health ABC, amene anayamba m'chaka cha 1997 m'mizinda iwiri ya ku America, Pittsburgh ndi Memphis. Akatswiri anasonkhanitsa anthu 3,075 a zaka za pakati pa 70 ndi 79, amuna ndi akazi, akuda ndi oyera. Onsewa pa chiyambi anali anthu oyenda bwino: ankatha kuyenda mtunda wa mamita pafupifupi 400 ndi kukwera masitepe 10 popanda vuto. Ntchafu ya aliyense inajambulidwa ndi makina a CT, amene amawonetsa m'kati mwa mwendo monga momwe timawonera m'kati mwa nzimbe tikaidula pakati. Pa chithunzi chotere mnofu wolimba umawoneka mowala, pamene mnofu wolowa mafuta umawoneka moderapo. Atatero anawayeza mphamvu yowongolera bondo, n'kumawatsata chaka ndi chaka.

M'chaka cha 2001 Bret Goodpaster ndi anzake analengeza kuti anthu amene minofu yawo inali ndi mafuta ambiri anali ndi mphamvu zochepa, ngakhale powayerekeza ndi anzawo a minofu yofanana kukula. M'chaka cha 2005 Marjolein Visser ndi gulu lake anawonetsa zimene zinachitika patatha zaka ziwiri ndi theka: amuna 22 mwa 100 aliwonse, ndi akazi pafupifupi 32 mwa 100 aliwonse, anali atayamba kuvutika kuyenda mtunda uja kapena kukwera masitepe aja. Pofufuza kuti n'chiyani chinalosera vutoli, anayika pamodzi zinthu zitatu: kukula kwa mnofu, mphamvu yake, ndi kuchuluka kwa mafuta m'kati mwake. Ziwiri zokha ndizo zinaima pazokha, mphamvu ndi mafuta. Kukula kwa mnofu, chimene ife timachiwona ndi maso n'kuchitamanda, sikunawonjezere kanthu pamene ziwiri zinazo zinali zitadziwika kale.

Aphunzitsi a masamu akhoza kukondwera ndi chiwerengero ichi cha m'chaka cha 2006, chochokera kwa anthu omwewo. Minofu ya m'miyendo inkachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 100 pa chaka, koma mphamvu inkachepa ndi magawo atatu kapena anayi. Kukanakhala kuti mphamvu imangotsata kukula kwa mnofu, ziwerengero ziwirizi zikanayendera limodzi. Kusiyana kwake kukusonyeza kuti mnofu wotsalawo nawonso ukuwonongeka mtundu wake. Ndipo m'chaka cha 2009, atajambulanso ntchafu patapita zaka zisanu, anapeza chinthu chimene ife tikuchiwona kukhala chofunika koposa zonse: mafuta a pakati pa minofu anawonjezeka mwa amene ananenepa, mwa amene thupi lawo silinasinthe, ndiponso mwa amene anawonda. Mafuta a pansi pa khungu ankatsata sikelo, koma a m'mnofu ankangokwera. Amene ananenepa minofu yawo inakulako pang'ono, koma mphamvu inawathawabe. Chaka chotsatira zinadziwikanso kuti okhala ndi mafuta ambiri m'minofu ya ntchafu ankathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo aliyense amene anasamalapo nkhalamba yothyoka fupa limeneli akudziwa kuti ambiri sadzukanso monga kale.

Kodi mafutawa amawononga motani? Choyamba n'chodziwikiratu: mafuta sakoka. Chachiwiri, akalowa pakati pa timaulusi amasokoneza m'mene tinayalidwira, kotero kuti mphamvu ya kukoka siifika yonse ku fupa, monga chingwe chimene zingwe zake zing'onozing'ono zamasuka. Chachitatu, mafuta si katundu wongogona. Amatulutsa timadzi tina timene timayambitsa kutupa kosawoneka, konga moto wa utuchi umene umanyeka pansi osatulutsa lawi, ndipo mnofu wokhala pafupi ndi moto wotere umavutika kudzikonza. Mnofu womwewo umalekanso kumvera bwino insulini, madzi a m'thupi amene amatsegulira shuga khomo kuti alowe m'mnofu. N'chifukwa chake vutoli limayenda limodzi ndi matenda a shuga, ndipo odwala shuga okalamba amafulumira kufowoka miyendo.

Tisapitirire tisananene kuti si mafuta onse a m'mnofu amene ali oipa. Anthu othamanga mitunda italiitali ali ndi timadontho tambiri ta mafuta m'kati mwa timaulusi ta minofu yawo, komabe matupi awo amamvera insulini bwino kwambiri. Kwa iwo mafutawo ali ngati nkhuni zoyalidwa pafupi ndi mafuwa, zosonkhezedwa tsiku ndi tsiku ndi kubwezeretsedwa. Choipa ndi mafuta ongounjikana m'mnofu umene sukugwira ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati mafuta amalowa ngakhale mwa owonda, sitinganene kuti kudya kwambiri ndiye gwero lokhalo. Zaka zili ndi mbali yake, matenda ali ndi mbali yake, koma kusagwiritsa ntchito mwendo kuli ndi mbali yaikulu, ndipo kumagwira msanga modabwitsa. M'chaka cha 2007 Todd Manini ndi anzake anatenga achinyamata 18 athanzi, nawapatsa ndodo za m'khwapa kuti mwendo umodzi usaponde pansi kwa masabata anayi. Pomaliza, mafuta a pakati pa minofu anali atawonjezeka ndi magawo 14 mwa 100 m'ntchafu, ndi magawo 20 mu katumba wa kuseri kwa msongolo. Awatu anali achinyamata, ndipo unali mwezi umodzi wokha. M'chaka chomwecho akatswiri ena ku America anagoneka pa bedi anthu 12 athanzi, a zaka pafupifupi 67, kwa masiku 10. Pa avereji, anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo, ndipo mphamvu yowongolera bondo inatsika ndi magawo pafupifupi 16 mwa 100. Zimene ukalamba umachotsa pa zaka zinayi kapena zisanu, bedi linachotsa pa masiku 10.

Choncho zinthu zimazungulira. Mwendo wosagwira ntchito umafowoka ndi kulowa mafuta; mwendo wofowoka umachititsa mwini wake mantha a kugwa; wamantha amasankha kukhala pansi; ndipo kukhala pansi kumafowoketsanso mwendo. Akatswiri akadatsutsanabe kuti mafutawo ndi chochititsa kufika pati, ndipo ndi chizindikiro chabe kufika pati. Kwa ife a pakhomo mtsutsowo susintha chochita, pakuti mbali zonse ziwiri zikuloza ku mwendo umene waleka ntchito.

Wina angati zimenezi ndi za ku America, kumene anthu amayenda pa galimoto ngakhale popita kukagula mchere. Koma anthu akuda sanasiyidwe kunja. Pa chilumba cha Tobago, ku nyanja ya Caribbean, Iva Miljkovic wa ku yunivesite ya Pittsburgh anayeza akatumba a amuna okalamba amene makolo awo anachokera ku Africa, nawayerekeza ndi azungu a ku America a msinkhu womwewo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'chaka cha 2009, zinali zakuti amuna a ku Tobago anali ndi mafuta ochepa m'thupi lonse ndi pansi pa khungu, koma ochuluka pakati pa minofu. N'zowona kuti makolo a anthu amenewa anachokera makamaka kumadzulo kwa Africa, ndipo moyo wawo ndi wosiyana ndi wathu. Komabe chenjezo lake likutikhudza: munthu wowoneka wochepa thupi asadziyese wopulumuka.

Tsono tiyeni tibwerere kwa aphunzitsi athu aja ndi mpando wawo wawofuwofu. Mwambo wathu wolemekeza akulu ndi wabwino, ndipo sitikuunyoza. Mwana woleredwa bwino salola agogo ake kusenza mtolo iye akuyenda chimanjamanja. Koma ulemu umenewu, makamaka m'mabanja amene ayamba kupezako bwino, wasanduka kuwalanda okalamba ntchito iliyonse. Agogo akagwira tsache timawalanda. Akati apite kutchalitchi wapansi timawaitanira njinga ya kabaza. Akati akawone mbewu kumunda timati dzuwa lawawa. Madzi osamba, chakudya, ngakhale chikho cha madzi akumwa, zonse zimawapeza pomwe akhalapo. Timatero ndi mtima wachikondi, ndiponso, tinene zowona, powopa kuti anansi angatinene kuti tikuzunza kholo. Koma mnofu sudziwa chikondi kapena manyazi athu. Umangodziwa ngati lero waitanidwa ku ntchito kapena ayi.

Pasakhale wotimva molakwa. M'midzi yathu muli agogo ambiri amene vuto lawo si mpando wawofuwofu ayi, koma ntchito yopyola msinkhu wawo, kulera adzukulu amasiye, ndi kugona ndi njala. Amenewo afunika kupeputsidwa katundu ndi kudyetsedwa, ndipo munthu asatenge nkhani ino ngati chilolezo chowasiyira munda wonse. Komatu iwonso ngozi ija imawapeza mwa njira ina: malungo kapena chibayo chikawagoneka pa mphasa masabata awiri, amadzuka miyendo ili zii, achibale n'kunena kuti apumulebe, ndipo kupumulako sikutha. Ndiponso moyo wa kumudzi umafuna ntchafu zolimba kuposa wa m'tauni. Kudzuka pa mphasa n'kovuta kuposa kudzuka pa mpando, ndipo chimbudzi chokumba chimafuna munthu wotha kunjuta ndi kuimanso. Tsiku limene gogo walephera zimenezi payekha, chimene wataya si kuyenda kokha, koma ulemu womwe uja timati tikumusungira.

Chotilimbitsa mtima n'chakuti mnofu sukalamba mpaka kuleka kumva. M'chaka cha 1990, mu mzinda wa Boston, dokotala Maria Fiatarone anatenga nkhalamba 10 zofowoka za m'nyumba yosungira okalamba, za zaka 86 mpaka 96, naziphunzitsa kunyamula zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Ambiri nthawi imeneyo ankayesa kuti n'kuika moyo wa okalambawo pa chiswe. Patatha masabata asanu ndi atatu, mwa anthu 9 amene anamaliza, mphamvu inali itawonjezeka ndi magawo 174 pa 100, ndiye kuti kuposa kuwirikiza kawiri ndi theka, pamene mnofu wa ntchafu unakula ndi magawo 9 okha. Apanso tikuwona kuti mphamvu ndi kukula si chinthu chimodzi. Za mafuta enieniwo, Goodpaster yemwe uja anawonetsa m'chaka cha 2008 kuti mwa okalamba amene sanachite zolimbitsa thupi, mafuta a m'minofu ya ntchafu anakwera ndi magawo 18 mwa 100 pa chaka chimodzi, pamene mwa amene ankayenda ndi kulimbitsa miyendo anakwera ndi magawo awiri okha. Ndipo kafukufuku wotchedwa LIFE, wa anthu 1,635 a zaka 70 mpaka 89, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014, anapeza kuti mwa ochita zolimbitsa thupi 30 mwa 100 aliwonse anafika polephera kuyenda mamita 400, poyerekeza ndi oposa 35 mwa amene ankangophunzitsidwa za umoyo. Kusiyanaku si kwakukulu kodabwitsa, ndipo sitikulonjeza kuti ukalamba ubwerera m'mbuyo. Koma pa anthu 100 aliwonse, asanu amene akanakhala pansi anali akuyendabe.

Bungwe lowona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wa zaka 65 kapena kuposa aziyenda kapena kugwira ntchito yotenthetsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa, ndipo masiku atatu azichita zomuthandiza kuima mosadzandira. Zimenezi sizifuna zitsulo za mtengo wapatali. Kuyenda kokha n'kwabwino koma sikukwanira, chifukwa mnofu umalimba ukakumana ndi chouvuta. Kukhala pa mpando ndi kuimirira maulendo 10, kupuma, n'kubwerezanso. Kukwera ndi kutsika khonde atagwira mzati. Kuima ndi zala za kumapazi atagwira khoma. Kupalira kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba: zonsezi ndi mankhwala. Zikayamba kupepuka, awonjezere maulendo kapena afungatire kathumba ka mchenga. Amene ali ndi matenda a mtima, kapena akamva kupweteka pa chifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, ayambe awonana ndi a chipatala. Wodwala amene wayamba kupeza bwino, a chipatala akangolola, adzutsidwe, akhale tsonga, aime, ayende kufika pakhomo, mawa kufika pa nkhokwe.

Pa chakudya tingonena mwachidule. Akatswiri a za ukalamba analangiza mu 2013 kuti wokalamba wathanzi azidya mapuloteni okwana galamu imodzi kufikira 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku; kwa gogo wolemera makilogalamu 60 ndiye magalamu 60 mpaka 72, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya ndi nsinjiro zikhale pa mbale yawo, zophikidwa mofewa ngati mano anatha. Tikudziwa chizolowezi cha agogo chopatsira adzukulu ndiwo zonse iwo n'kutsala ndi msuzi. Wina aziyang'anira zimenezo. Odwala impso atsate zimene dokotala wawauza. Ndipo wokalamba wonenepa asadzimane chakudya popanda kulimbitsa thupi, pakuti pamodzi ndi mafuta adzataya mnofu womwe akuusowa.

Makina a CT ndi osowa, ndipo palibe chifukwa chowafunira pa nkhaniyi. Akatswiri a ku Ulaya, m'malangizo awo a 2019, anapereka miyeso imene mnyamata kapena mtsikana aliyense wotsiriza sukulu angaichite pakhomo ndi wotchi ya pa foni. Tsamiritsani mpando wolimba ku khoma. Agogo akhale, apinde manja pa chifuwa, ndipo aimirire ndi kukhalanso kasanu mofulumira monga angathere, inu muli pambali pawo. Akapyola masekondi 15, kapena akalephera kuimirira osagwira kanthu, miyendo yafowoka. Kenaka yezani mamita anayi pa bwalo losalala, rula ya pa bolodi ikwanira, ndipo ayende monga amayendera masiku onse. Akatenga masekondi asanu kapena kuposa, liwiro lawo latsikira pa mamita 0.8 pa sekondi kapena kucheperapo, ndipo ndi bwino kukawadziwitsa a chipatala. Lembani ziwerengero zonse ziwiri m'kope pamodzi ndi tsiku lake, yambani nawo zolimbitsa miyendo zija katatu pa sabata, ndipo mudzayezenso pakatha miyezi iwiri.